Dontho pa mchere: mbiri ya oyeza katundu pa njira ya ku Mwanza

Thiraki ya mchere ikamafika pa chipata cha Mwanza imakhala itatopa kale. Yawoloka Zambezi ku Tete, yakwera zitunda za ku Zobue, ndipo tsopano yaima pamzere ndi zinzake zonyamula feteleza, mafuta ndi simenti. Dalaivala watsika, akukangana ndi ejenti wake za mapepala a MRA, anyamata osintha ndalama amuzinga, amayi a manachesi akumuitanira mulu wa lero. M'piringupiringu ameneyu mumachitika kantchito kena kamene ambiri sakaona n'komwe. Woyeza wa boma amatapa mchere wodzaza supuni m'thumba limodzi n'kuuthira pa mbale yoyera. Kenaka amatulutsa kabotolo kochepa ngati ka mankhwala a m'maso. Dontho loyamba, dontho lachiwiri. Mchere uja ukasanduka wabuluu wopita ku pepo, ndiye kuti muli ayodini. Ukangokhala mbuu monga unalili, dalaivala ayambe kufunsa kumene angagone.

Ayodiniyo ndi wa lamulo. Kale m'madera ena a dziko lino munthu wotupa pakhosi sankadabwitsa, chithokomiro chinkaoneka ngati matenda a kumtundu. Gwero lake linali kuchepa kwa ayodini m'nthaka ndi m'zakudya, ndipo choopsa chenicheni sichinali chotupa chooneka chija ayi, koma ubongo wa mwana wa m'mimba, umene sukula bwino mayi akasowa ayodini. Mu 1995 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loti mchere wa pamsika uzikhala wothira ayodini. Popeza pafupifupi mchere wonse umene Amalawi amathira m'ndiwo ndi wochokera kunja, ku Botswana, ku Mozambique ndi kwina, katundu wa lamulolo anagwera pa zipata, ndipo Mwanza, khomo lalikulu la njira ya ku Tete, anasenza gawo lake.

Koma dontho lija lili ndi polekezera. M'kabotolomo muli sitachi, wofanana ndi wa m'chinangwa, pamodzi ndi mankhwala ena omasula ayodini kuti akumane ndi sitachiyo n'kusintha mtundu. Yankho lake ndi inde kapena ayi basi. Silinena kuti ayodiniyo ndi wochuluka bwanji, chonsecho bungwe la WHO limafuna kuti mchere ukamafika m'khitchini ukhale ndi mamiligalamu osachepera 15 pa kilogalamu iliyonse, ndipo wopyola muyezo nayenso ali ndi mavuto ake. Wofuna nambala yeniyeni amayenera kutumiza sampulo ku labotale, monga ya Malawi Bureau of Standards (MBS) ku Blantyre, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972. Kumeneko amasungunula mcherewo, amaupatsa mtundu, ndipo kapena amauthira mankhwala dontho ndi dontho mpaka mtunduwo utazimirira, kapena amaika madziwo m'kamakina kamene kamawapyoza ndi kuwala n'kuwerenga kuwala kumene kwatulukira mbali inayo. Mayi aliyense amene anakwezapo tambula ya tiyi padzuwa kuti aone ngati masamba akwana amaidziwa nzeru imeneyi. Makina amangomuposa pa kusatopa ndi pa kutchula nambala.

Kuchoka pa chipata kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, ulendo wa m'mawa umodzi. Kale, sampulo za chomera china cha chigawo chino zimene zinakayezedwa ndi akatswiri a kemisitile zinayenda miyezi, pa bwato ndi pa sitima, mpaka ku Scotland.

Mtsinje wa Mwanza umatsika kuchoka ku mapiri a m'malire n'kukathira mu Shire ku Chikwawa. M'nkhalango za chigwa chimenecho mumamera chomera choyanga, chokwera mpaka kunsonga za mitengo, chimene Amang'anja ankachitcha kombe. Alenje ankasinja njere zake n'kupaka phalalo pa muvi. Nyama yolasidwa inkathamanga ndithu, koma mapeto ake inkagwa mtima utaima. Mlenje ankadula mnofu wozungulira bala n'kutaya, yotsalayo banja n'kudya popanda wodwala. Anthu amenewa ankadziwa chomera choyenera pakati pa zofanana nacho, nyengo yothyola, ndi muyezo wopha njati osapha wodya njatiyo. Sikelo yawo inali zaka za makolo.

John Kirk, dokotala ndiponso katswiri wa zomera pa ulendo wa David Livingstone umene unayamba kukwera Shire mu 1859, ankasunga ulembe umenewu m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono, ngakhale anali ndi chimfine chimene chinkauthamangitsa. Labotale yoyamba ya kombe inali m'kamwa mwa munthu. Njere ndi ulembe zinatumizidwa ku Britain, chomeracho chinapatsidwa dzina la sayansi la Strophanthus kombe mu 1871, ndipo Thomas Fraser wa ku yunivesite ya Edinburgh anatha zaka zambiri akuzifufuza. Mu 1885 anauza madokotala anzake kuti m'njerezo muli mankhwala a mtima, amene anawatcha strophanthin. Kampani ya Burroughs Wellcome inayamba kuwagulitsa m'mabotolo, John Buchanan wa ku Zomba ankatumiza njere, ndipo kombe analowa pa mndandanda wa katundu wotuluka m'dziko muno.

Mavuto sanachedwe. Mitundu ya chomerachi ilipo yambiri, njere zake n'zofanana, koma mphamvu zake n'zosiyana. Thumba lina linkafika ku London lili laukali, lina lili lofooka, ndipo kwa wodwala mtima kusiyana kotereku ndi moyo ndi imfa. Ogula anapeza njira yodula njere n'kuidonthezera asidi wa sulphuric: kombe weniweni ankabiriwira. Koma nayo inali njira ya inde kapena ayi, mbale wake wa dontho la pa mchere. Kuti adziwe mphamvu, anatembenukira kwa achule. Mu 1898 E. M. Houghton wa kampani ya Parke-Davis ku Detroit anafotokoza njira yobaya achule mankhwalawo n'kuona muyezo umene ukuimitsa mtima wawo. Munthu angaseke, koma kwa zaka zambiri ubwino wa njere zothyoledwa m'mbali mwa Shire unkagamulidwa ndi chule wa kutsidya kwa nyanja, ndipo wothyolayo ankangolandira mtengo umene wauzidwa.

Njira ziwiri zoyezera zoposa chule zinabadwira kwina. M'chaka chija cha 1859, Kirk ali pa Shire, anthu awiri ku Heidelberg m'dziko la Germany anali kuyang'anitsitsa lawi la moto. Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff anatenga chinthu chimene wophika aliyense anachionapo: mchere ukagwera pa moto, lawi limachita chikasu. Anadutsitsa kuwala kwa lawilo m'galasi la ngodya zitatu limene limakumwaza ngati utawaleza, ndipo anapeza kuti chinthu chilichonse chimalemba timizere takechake pamalo osasintha, monga munthu amadziwika ndi mawu ake ngakhale mu mdima. Ndi njira imeneyi anatulukira caesium mu 1860 ndi rubidium mu 1861. Apa ndiye panabadwira spectroscopy, ndipo kamakina kowerenga ayodini ndi chidzukulu chake.

Njira inayo, ya chromatography, inachedwerapo. Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wogwira ntchito ku Warsaw, anaifotokoza koyamba mu 1903. Anadzaza kapaipi ka galasi ndi ufa wa choko, pamwamba n'kuthirapo msuzi wa masamba, kenaka n'kumatsanulira mafuta opepuka. Msuzi wobiriwira uja potsika unagawikana m'mizere, wina wachikasu, wina wobiriwira modera, wina wobiriwira mowala. Amene amaidziwa M6 savutika kumvetsa. Mathiraki khumi anyamuke pa chipata nthawi imodzi: yopanda katundu ikhala yoyamba kufika pa rodibuloko ya Zalewa, ya simenti idzafika dzuwa litapendeka, ndipo ina idzachedwa chifukwa dalaivala wake saphonya malo ogulitsa nyama yootcha. Wokhala pa Zalewa ndi wotchi, ngati akudziwa khalidwe la iliyonse, atha kunena imene yadutsa osadzutsa mutu. Mankhwala osakanikirana amachita chimodzimodzi m'kapaipi: ena amakonda kumamatira ku ufa, ena amakonda kuyenda ndi madzi, ndipo nthawi yotulukira imawaulula.

Dziko linainyalanyaza njirayi kwa zaka pafupifupi 30. Archer Martin ndi Richard Synge a ku Britain anaikonzanso mu 1941, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1952, ndipo posakhalitsa inkachitika pa pepala, pa galasi lopakidwa ufa, ngakhale mu mpweya. Akatswiri anali atapeza kale kuti strophanthin wa Fraser sanali mankhwala amodzi koma angapo apachibale, ndipo gulu la Tadeus Reichstein ku Basel linagwiritsa ntchito chromatography ya pa pepala kusiyanitsa mitundu ya Strophanthus ya mu Africa monse. Achule anapuma. Koma kombe sanakule kufika pa fodya kapena tiyi, ndipo lero madokotala a mtima ali ndi mankhwala ena.

Mbewu imene inalawa ukali weniweni wa makina amenewa ndi mtedza.

Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa m'makola a ku England. Palibe ankadziwa matendawo, choncho anangowatcha X. Pofufuza anapeza kuti zonse zinkadya chakudya chosakaniza ndi zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri, ena mwa iwo a Tropical Products Institute ku London, anasungunula chakudyacho, anachiyendetsa pa chromatography, n'kuunika ndi nyale ya ultraviolet m'chipinda cha mdima. Panaoneka timadontho towala, tina tabuluu, tina tobiriwira. Chiphecho chinkapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, ndipo anachitcha aflatoxin. Mayina a mitundu yake, B1, B2, G1 ndi G2, anachokera ku kuwala komweko, B wa buluu ndi G wa kubiriwira m'Chingerezi. Pambuyo pake zinatsimikizika kuti chimayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo chikachuluka chimapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga choipitsidwa nacho.

Kuno kwathu chinthucho chinali ndi dzina kale. Ndi chuku. Mlimi ankachidziwa pa mtedza wowawa, wakuda mkati, umene umalavulidwa msangamsanga. Chimene sankadziwa n'chakuti mtedza wooneka bwino, wonona, wosawawa, utha kukhala nacho, ndiponso kuti kukazinga sikuchithetsa.

Kale Chalimbana, mtedza wa maso akuluakulu, anali ndi mbiri yabwino kwa opanga maswiti ndi zokazinga ku Britain. ADMARC, imene inayamba mu 1971, inkagula, kusankha ndi kutumiza kunja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 msika umenewu unayamba kugwa. Zifukwa zinali zingapo: mitengo yopatsidwa kwa alimi, matenda a kadukutu m'minda, nkhondo ya ku Mozambique imene inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala n'kusandutsa msewu wa ku Tete njira yoyenda ndi asilikali, ndiponso kutha mphamvu kwa ADMARC malonda atamasulidwa. Chuku anabwera kudzakhoma msomali. Mu 1998 maiko a European Union anagwirizana kuti mtedza wopita molunjika kwa wodya usapyole mamaikologalamu 4 a aflatoxin pa kilogalamu, ndipo wa mtundu wa B1 usapyole 2.

Nambala imeneyi ndi yofunika kuiona ndi maso. Thiraki yonyamula matani 30 a mtedza, matumba 600 a makilogalamu 50, imaloledwa kukhala ndi chiphe chosapyola magalamu 0.12 m'katundu yense. N'chochepa kuposa mchere wotsina ndi zala ziwiri. Palibe lilime, mphuno kapena diso la gogo wodziwa kupeta limene lingachipeze. Amachipeza ndi makina a HPLC, chidzukulu cha kapaipi ka Tsvet, amene amakankha madzi mwamphamvu m'kapaipi kachitsulo, kumapeto kwake kuli diso lowerenga kuwala kwabuluu ndi kobiriwira kuja. Ndipo chifukwa chuku sagawikana mofanana, njere imodzi yovunda pakati pa zikwi zabwino itha kugwetsa katundu yense. N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya amafuna kuti pa katundu wamkulu woyeza atape malo 100, asonkhanitse makilogalamu 20, ndipo agaye asanayeze. Kontena yokanidwa pa doko la ku Ulaya imakhala itadya kale ndalama za thiraki, za doko ndi za sitima. Nkhani ya chule wa ku Detroit inabwereranso, itavala malaya ena.

Kusintha kunayambira ku Chitedze, kunja kwa Lilongwe, kumene bungwe la ICRISAT lakhala likufufuza za mtedza kuyambira mu 1982. Mogwirizana ndi NASFAM, linabweretsa njira ya ELISA, imene imagwira chiphecho ndi timapuloteni tochizindikira, n'kusintha mtundu wa madzi m'timaenje ta kambale kapulasitiki, makina a kuwala n'kuwerenga. Siilondola ngati HPLC, koma ICRISAT inkati inatsitsa mtengo woyezera sampulo imodzi kuchoka pa madola 25 kufika pa dola imodzi. Pa mtengo umenewo zinatheka kuyeza mtedza wa gulu lililonse la alimi usanasakanizidwe ndi wa ena, ndi kubwerera kwa eni ake kukawauza chimene chalakwika. Mtedza wa alimi a ku Mchinji unabwereranso m'masitolo a ku Britain pansi pa chizindikiro cha Fairtrade.

Zolakwikazo zinali zodziwika kwa aliyense wokulira kumudzi. Kukumba mochedwa. Kuyanika pa dothi lachinyontho. Kusunga m'thumba mtedza usanaume. Ndipo choposa zonse, kuwaza madzi pa makoko madzulo kuti m'mawa asavute kuswa, chizolowezi chopulumutsa zala chimene chimapatsa nkhungu zonse zimene imafuna. Venda wosakhulupirika amawonjezapo lake dala kuti sikelo ilemere.

Apa pali chinthu chimene malipoti a malonda sakonda kuchitchula mokweza. Mtedza ukasankhidwa, wabwino n'kukwera thiraki kudutsa pa Mwanza kupita ku Beira kapena ku Johannesburg, wonyala ndi wothimbirira uja satayidwa. Umagulitsidwa motchipa pamsika, umasinjidwa kukhala nsinjiro, umathiridwa m'phala la mwana ndi m'chisoso cha banja, kapena umagayidwa kukhala chiponde cha m'mabotolo opanda chizindikiro. Ofufuza a m'dziko muno, monga Limbikani Matumba wa ku LUANAR, akhala akulemba za vuto limeneli kwa zaka zambiri. Makina amateteza bwino munthu wa ku London kuposa mwana wa ku Thambani, osati chifukwa makinawo ali ndi tsankho, koma chifukwa amayeza chimene chabweretsedwa pamaso pake, ndipo chimene chimabweretsedwa ndi chimene wina ali wokonzeka kulipirira.

Komabe zida zikunka ziyandikira. Bungwe la MBS lili ndi nyumba ya malabotale yatsopano ku Chichiri. Kuyambira mu 2012 shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, amene amawala akaunikidwa ndi ultraviolet, ndipo pali timakina tonyamula m'manja towerenga kuwala kumeneko. Kafukufuku wa dziko lonse anapeza kuti ana osowa vitamini A anatsika kuchoka pa 59 mwa 100 alionse mu 2001 kufika pa 4 mu 2015 ndi 2016, ngakhale shuga sali yekha pa ntchito imeneyo. Ndipo chromatography tsopano imakwana m'sutikesi. Chida chotchedwa Minilab chimanyamula timapepala ta aluminiyamu topakidwa ufa, timabotolo ndi nyale ya ultraviolet. Woyeza amasinja piritsi, amalisungunula, amadontheza kadontho m'munsi mwa kapepalako pambali pa kadontho ka mankhwala enieni, n'kukaimika m'botolo lokhala ndi madzi ake pang'ono. Madziwo amakwera ngati palafini pa chingwe cha koloboyi. Pakatha mphindi zingapo, timadontho tiwirito tiyenera kukhala titaima pa msinkhu umodzi. Mu 2016 Felix Khuluza wa ku College of Medicine ndi anzake a ku Germany anafalitsa zimene anapeza ndi njira imeneyi: mapiritsi olembedwa kuti ndi SP wa malungo, koma timadontho take tinaima polakwika. Ena anali paracetamol, ena co-trimoxazole. Panalibe chule, panalibe sitima ya ku Scotland.

Chotsala ndi malire enieniwo. Mzere wa pakati pa Mwanza ndi chigawo cha Tete ndi wautali, umadutsa m'minda ndi m'midzi ya anthu apachibale, olankhula chinenero chimodzi, okwatirana ndi oikana maliro. Chipata ndi kamalo kamodzi pa mzerewo. Kumpoto ndi kumwera kwake kuli tinjira tosawerengeka, ndipo m'bandakucha mumadutsa njinga ndi njinga zamoto zitasenza matumba a mchere, zigubu za mafuta ophikira, makatoni a zakumwa ndi mapiritsi a m'timapepala, kwinaku zina zikupita ndi mtedza ndi nandolo. Pa tsiku la msika mcherewo umathiridwa pa chiguduli n'kumagulitsidwa pa kapu, dzuwa likuuwomba tsiku lonse. Wogula amautsina, amaulawa, amafunsa mtengo, n'kuumanga pa nsonga ya chitenje.